Geni ya zipangizo zamagetsi zakutha: phindu lili pa kusankha

Pa Kameza, pamene msewu wa ku Chileka umapatukana ndi wa ku Lunzu, komanso m'misika ya Machinjiri ndi Ndirande, okonza mafoni, mawailesi ndi mafiriji ali ndi milu ya zinthu zomwe zinakanika kukonzeka. Eni ake sanabwererenso kudzatenga, ndipo zimangodya malo m'kashopu. Woyamba geni ya sikilapu ya zamagetsi ayambire pamenepa, osati ku mtaya wa Mzedi komwe katundu amakhala atanyowa komanso ena atatola kale zabwino.

Mpamba wake si wambiri: sikelo yolendewera, pulayala, masikuludiraiva, magolovesi, matumba ndi maginito. Maginito ndi amene amaphunzitsa ntchito. Chomwe chakakamira ndi chitsulo wamba, chotsika mtengo kuposa zonse. Kopa, brasi ndi aluminiyamu sizikakamira, ndipo kopa ndiye mfumu ya zonsezi. Amapezeka m'mawaya, m'mamota a mafani, m'matiransifoma a mawailesi ndi m'kompuresa ya firiji.

Ogula akuluakulu amalipira pa kilogalamu, mtundu uliwonse mtengo wakewake. Thumba losakaniza amaligula pa mtengo wa chinthu chotchipa chomwe chilimo, ndiye wosasankha amangopereka kopa wake ulele. Mitengo imasinthasintha potsatira msika wa zitsulo wa ku London ndi mphamvu ya kwacha, choncho ndi bwino kufunsa ogula atatu musanatuluke katundu, komanso kuyeza pa sikelo ya pakhomo asanakayezedwe pa ya wogula.

Asanaphwanye chinthu, wageni aone ngati chili ndi mbali yamoyo. Sikirini ya foni, chaja ya laputopu kapena sipika yogwira ntchito, wokonza amazigula pa mtengo woposa wa pa sikelo.

Ambiri amathamangira kuotcha mawaya kuti pulasitiki ichoke msanga. Njira imeneyi ndi yoluza kawiri: kopa wopsa amada ndipo mtengo wake umatsika, pomwe utsi wake uli ndi poizoni wolowa m'mapapo. Kusenda ndi mpeni kumachedwa koma kopa amatuluka wowala. Ku Agbogbloshie mu mzinda wa Accra ku Ghana, malo omwe anatchuka ndi kuotcha mawaya, nthaka inaipa ndi mtovu, ndipo boma linagwetsa malowo mu 2021.

Mtovu womwewo uli m'galasi la makanema akale a chimsana ndi m'mabatire a galimoto ndi a sola. Mabatirewa agulitsidwe athunthu, asidi wake asatayidwe m'ngalande. Batire ya foni ikaboola imayaka moto, ndipo kapasita ya mayikulowevu imatha kugwira munthu ngakhale itazulidwa ku magetsi. Nkhani ya golide wa m'mabodi a makompyuta ndi yoona, koma ndi wochepa kwambiri ndipo kumuchotsa kumafuna fakitale. Bodi igulitsidwe momwe ilili.

Chomwe chingagwetse geniyi tsiku limodzi ndi katundu wakuba. ESCOM yakhala ikudandaula za kubedwa kwa mawaya ndi kuphwasulidwa kwa matiransifoma, Blantyre Water Board nayo za mamita a madzi, ndipo apolisi akayamba kufufuza amafikira kwa ogula sikilapu. Waya wonenepa wodulidwadulidwa wobwera usiku pa mtengo wozizira ndi wokana, chifukwa kulandira katundu wakuba ndi mlandu paokha. Kope lolembamo dzina la wogulitsa, tsiku, mtundu wa katundu ndi kulemera kwake ndi mboni ya wageni pa tsiku lotere.

Chiphaso cha bizinesi chimatengedwa ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre. Katundu akayamba kuchuluka moti pakufunika malo osungirapo, ndi nthawi yofunsa ku bungwe la MEPA, lomwe limayang'anira zinyalala zoopsa pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017.