Maliro akatha, imfa ilembedwe ku Registo Civil: mmene mungapezere certidão de óbito

M'midzi ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, munthu akatisiya zonse zimayenda m'dongosolo lake. Uthenga umapita kwa amfumu, adzukulu amalawirira kumanda, wina amathamangira ku wailesi kuti abale akutali amve. Pakapita masiku ochepa anthu amabalalika n'kubwerera kuminda. Chimene chimaiwalika kawirikawiri n'chakuti m'mabuku a boma malemuwo akadali moyo. Banja limadzazindikira zimenezi patapita miyezi, tsiku limene mayi wamasiye wafika kubanki kapena ku INSS n'kuuzidwa kuti abwere ndi certidão de óbito.

Tinene poyambirira, ngakhale ndife a wailesi: uthenga wa maliro umene timaulutsa si umboni wa imfa pamaso pa boma. Buku la ku mpingo mmene abusa kapena ansembe amalembamo omwalira nalonso silikwanira, ngakhale limathandiza kukumbutsa tsiku lenileni. Imfa imalembedwa ku Conservatória do Registo Civil, ofesi yomweyo imene timalembetsako ana akabadwa. Ofesiyi ili pansi pa unduna wa zachilungamo, ndipo imatsatira lamulo lotchedwa Código do Registo Civil, limene linakonzedwanso m'chaka cha 2018.

Lamuloli likuti imfa ikanenedwe pasanathe maola 48, ku ofesi ya dera limene munthuyo wamwalirira kapena kumene kuli thupi. Amene ali ndi udindo woyamba ndi wachibale wapafupi amene analipo. Ngati palibe, atha kupita mwini nyumba imene imfayo yachitikira, mkulu wa chipatala, kapena amene akuyendetsa mwambo wa maliro. Tikudziwa kuti maola 48 ndi ochepa kwa munthu wa kumudzi wakutali ndi Ulónguè kapena Furancungo, makamaka nthawi ya dzinja misewu itaterera. N'chifukwa chake pamaliro, monga mmene mumasankhira wosunga chipepeso, sankhaninso munthu mmodzi woyendera mapepala. Asakhale mayi kapena bambo wofedwayo. Akhale wina wa mtima wokhazikika, wodziwa kuwerenga, ndipo ali ndi BI yake.

Pali mapepala atatu amene anthu amawasokoneza, ndipo apa m'pamene ambiri amatayira ndalama ya ulendo.

Loyamba ndi la kuchipatala, certificado de óbito. Amalemba ndi adokotala kapena wazaumoyo amene watsimikiza imfayo, ndipo limanena tsiku, malo ndi chimene chapha munthuyo. Mabanja ambiri akalandira pepalali amalipinda n'kuliika m'sutikesi poganiza kuti zatha. Sizinathe. Pepala limeneli ntchito yake ndi yakuti mupite nalo ku Registo Civil pamodzi ndi BI ya malemu ndi yanu. Kumeneko amalemba imfayo m'buku la boma, n'kukupatsani pepala lachiwiri, boletim de óbito, losonyeza kuti imfa yalembedwa. M'mizinda ngati Tete, pepalali ndi limene oyang'anira manda amafunsa asanalole kuika maliro. Lachitatu ndiye certidão de óbito, kalata yotengedwa m'buku lija, yokhala ndi chidindo ndi siginecha ya ofesi. Imeneyi ndiyo imafunidwa kubanki, kukhoti ndi ku maofesi a penshoni. Imalipiridwa, ndipo mutha kuipempha nthawi ina iliyonse, kangapo konse, malinga ngati imfayo inalembedwa. Funsani mtengo wake pa tebulo la ofesi, ndipo mukalipira tengani lisiti.

Nanga munthu akamwalirira pakhomo, monga zimachitikira kwa ambiri kwathu kuno? Lamulo linaganizirapo. Ngati n'kosatheka kuti wachipatala afike, akuluakulu a boma a m'deralo amalemba chikalata cholowa m'malo mwa cha adokotala, pamaso pa mboni ziwiri. Njira yake imayambira kwa nyakwawa kapena secretário wa pamudzi, amene amapereka kalata yotsimikiza kuti uje wa m'mudzi mwake wamwalira tsiku lakuti. Kalatayo mumapita nayo kwa chefe da localidade kapena ku posto administrativo, kenako ku Registo Civil. Mboni zikhale anthu amene anaonadi, ndipo atenge ma BI awo.

Imfa ya pangozi ya pamsewu, yomira m'madzi, yodzimangirira, kapena ina iliyonse yokayikitsa ili ndi njira yake. Apa musathamangire kumanda. Dziwitsani apolisi, chifukwa Registo Civil silemba imfa yotero popanda chilolezo cha akuluakulu a zamalamulo, ndipo nthawi zina thupi limayenera kupimidwa kaye. Kuika maliro mobisa kumadzabweretsa mavuto aakulu kuposa kudikira tsiku limodzi.

Tsopano nkhani imene ikutikhudza kwambiri ife a m'malire. Si chinsinsi kuti odwala ambiri a ku Calómuè, Biri-Biri ndi Zóbuè amawolokera ku zipatala za Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, chifukwa ndi zimene zili pafupi. Wodwala akamwalirira kumeneko, abale amangopeza galimoto kapena ngolo n'kubwera ndi thupi kumudzi. Koma imfa imeneyo yachitikira m'dziko la Malawi, ndipo umboni wake woyamba uyenera kuchokera komweko. Musachoke pachipatalapo opanda pepala la imfa. Ku Malawi kalata ya imfa imaperekedwa ndi National Registration Bureau, imene ili ndi maofesi pa boma lililonse. Kuti imfa ya nzika ya Moçambique yochitikira kunja ilowe m'mabuku a kwathu, kalata ya kunjayo imayenera kulembedwanso kuno, ndipo ntchito imeneyi imadzera ku ofesi ya kazembe wathu, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kapena ku Conservatória dos Registos Centrais ku Maputo. Yambani mwafunsa ku Registo Civil ya boma lanu kuti akuuzeni mapepala amene muyenera kusonkhanitsa, poti kalata yolembedwa m'Chingerezi imafunika kuimasulira m'Chipwitikizi. Chimodzimodzi kwa omwalirira ku Zambia kudzera pa Cassacatiza, ndi ana athu amene amamwalirira ku Joni.

Vuto lina la m'malire ndi la mayina. Anthu ambiri kuno anakhalapo ku Malawi nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, ena anabadwira komweko. Munthu mmodzi amapezeka kuti pa BI analembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi, pamene m'buku la kuchipatala cha kutsidya analembetsa dzina la kumudzi kapena la mfunda, mwinanso n'kutchula mudzi wa achibale a ku Malawi kuti alandiridwe msanga. Ali moyo zimenezi sizivuta. Akamwalira, pepala la chipatala limanena za munthu wina, BI ikunena za winanso, ndipo ofesi singangoganiza kuti ndi mmodzi. Choncho pamene akulemba pepala la imfa, tulutsani BI ya malemu kuti akopere dzina chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi mayina a makolo ake ndi tsiku lobadwa. Musanachoke pa ofesi, werengani kapena pemphani wina akuwerengereni. Kukonza chilembo chimodzi pambuyo pake kumafuna pempho lakelake ndi maulendo ena.

Wina angafunse kuti mlimi wopanda akaunti kubanki avutikiranji ndi zonsezi. Taonani zimene zimadalira kalata imeneyi. Ndalama zotsala pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh za malemu siziperekedwa kwa wachibale pakamwa chabe. Ngati malemu anali pa mgwirizano ndi kampani ya fodya ndipo anamwalira asanalandire za mabelo ake, kampaniyo idzafuna umboni isanalipire wina. Amene ankadulidwa ndalama za INSS amasiyira banja thandizo la maliro, thandizo la imfa ndi penshoni ya amasiye, koma zonsezi zimayamba ndi certidão de óbito. Ngakhale munda umene. Lamulo la malo la 1997 limati ufulu wogwiritsa ntchito malo umasiyiridwa olowa m'malo posayang'ana kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2019 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pa mzere woyamba pamodzi ndi ana. Tsiku limene achibale ena adzabwere kudzalanda ng'ombe ndi dimba, mayi wamasiye amene ali ndi certidão amakhala ndi poyambira kukhoti. Kalata yomweyi ndiyo imafunika pochita habilitação de herdeiros, kumene kuli kulembetsa mwalamulo amene ali oyenera kulandira chuma cha malemu.

Kwa amene anaika maliro kalekale osalembetsa, khomo silinatsekedwe, koma njira imatalika. Ofesi imafuna umboni wokwanira: kalata ya amfumu, mboni zimene zinalipo pamaliro, pepala la chipatala ngati linasungidwa. Apa m'pamene buku la ku mpingo limathandiza kupeza tsiku. Zaka zikamapita mboni zimasamuka, zina zimamwalira, amfumu amasintha, ndiye ngati m'banja mwanu muli imfa yotero, ndi bwino kuyamba chaka chino mukangokolola. Amene sangakwanitse kulipira loya atha kupita ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa zamalamulo mwaulere.

Mukalandira certidão, jambulitsani makope angapo ndipo musapereke yeniyeniyo kwa munthu wongoti akuyenderani. Maofesi ena amafuna kope yotsimikizidwa ndi chidindo cha notário, ndipo ntchito imeneyo m'maboma ambiri imachitikira pa ofesi ya Registo yomweyo.