CHALA CHAMANTHU CHIMASENZA KATUNDU WOTANI?

Anzanga, pindirani chala chamanthu m'chikhato, muchimange ndi nsalu, kenaka yesani kumanga mabatani a malaya. Mudzaona zala zinayi zotsalazo zikungopalasa ngati nkhuku. Madokotala amati munthu amene wataya chala chimenechi wataya magawo 40 pa 100 a ntchito ya dzanja lonse.

Ife amene tikulakalaka unsembe nkhaniyi ikutikhudza. Ndi chala chamanthu wansembe amadzoza odwala ndi kupaka phulusa pamphumi, ndipo Ukaristia amaugwira pakati pa chalachi ndi chamkombaphala. Isaac Jogues Woyera, wansembe wa chipani cha Yesu, adadulidwa chala chamanthu cha kumanzere atagwidwa ndi anthu a mtundu wa Mohawk ku America mu 1642. Kuti achitenso Misa, padafunika chilolezo chapadera cha Papa Urban VIII.

Chalachi chili ndi mafupa awiri okha pamene zinzake zili ndi atatuatatu. Chimayendetsedwa ndi minofu 8. Inayi ili patali, pamkono pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo imakoka chalacho ndi mitsempha yolimba ngati zingwe. Tukulani chala chanu, mudzaona zingwezo zitatumphuka pafupi ndi povala wotchi. Inayi inayo ili m'dzanja momwemo, ndipo itatu mwa iyo ndiyo imapanga kachulu ka mnofu kamene kali patsinde pa chala. Patsindepo pali mfundo yooneka ngati chishalo, imene imalola chala kuzungulira n'kukakhudza nsonga ya chala china chilichonse.

Tsopano nazi zimene zidandidabwitsa ine. Mu 1977 akatswiri awiri a ku Mayo Clinic ku America, William Cooney ndi Edmund Chao, adawerengera mphamvu zimene zimagwera mfundo za chalachi. Adapeza kuti ukatsina chinthu ndi mphamvu ya kilogalamu imodzi, mfundo ya kunsonga imapanikizidwa ndi makilogalamu 3, yapakati ndi oposa 5, pamene ya patsinde imalandira 12. Ukafumbata chinthu ndi mphamvu zako zonse, patsindepo pangathe kugwera makilogalamu 120. Amenewo ndi matumba awiri a chimanga ndi kachenjere pamwamba, pa kafupa kosaposa nyemba zingapo!

Zimatheka bwanji? Kankhani chitseko pa chogwirira, chimatseguka mosavuta. Chikankheni pafupi ndi mahinjesi, mudzatuluka thukuta. Mitsempha ya chala imadutsa pafupi kwambiri ndi mfundo, ngati munthu wokankha ku mahinjesi, pamene chinthu chogwiridwacho chili kutali kunsonga. Choncho minofu iyenera kukoka kangapo kuposa mphamvu imene ikufika kunsongako, ndipo kukoka konseko kumathinikiza fupa pa fupa linzake.

Kwathu ku Area 14 nyumba zambiri zili ndi mipanda ya maluwa. Pa tchuthi ndimaona abambo odula mipandayo ndi sizasi zikuluzikulu tsiku lonse, komanso amayi ofinya mabulangete. Angapo mwa iwo amadandaula kuwawa patsinde pa chala, ena n'kumati awaponda afiti. Ayi ndithu. Chichereŵechereŵe chimene chimakuta mafupa pamenepo chimaperepeseka ndi zaka, ndipo nyamakazi yake imavuta kwambiri amayi achikulire. Chothandiza ndi kugwira ndi dzanja lonse m'malo motsina ndi zala ziwiri, ndiponso kukulunga mphira pa mpini woonda kuti unenepe.

Komabe mnofu pawokha sugwira ntchito popanda mitsempha ina yobweretsa uthenga kuchokera ku ubongo. Imeneyi ndiyo imaonongedwa ndi khate, matenda amene amishoni adalimbana nawo zaka zambiri ku Mua. Dokotala wa ku France, Jules Froment, adafotokoza njira yoyesera mu 1915. Munthu apanikize pepala pakati pa chala chamanthu chowongoka ndi m'mbali mwa chamkombaphala, mnzake alikoke. Ngati chalacho chikupindika kunsonga kuti pepala lisapulumuke, ndiye kuti mnofu wa pakati pa zala ziwirizo wafooka. Makolo athu, mukaona zotere, makamaka pamodzi ndi dzanzi kapena zikanga zoyezuka pakhungu zosamva kukhudza, thamangirani kuchipatala. Khate limachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere.