Aphunzitsi osiya choko n'kuyamba kukonza maphunziro

Amene anali mu Sitandade 1 cha m'ma 2008 ku Namwera, Makanjira kapena Monkey Bay sangaiwale Tikwere, pulogalamu ya pa MBC yomwe inkawaimbitsa ndi kuwawerengetsa m'kalasi. Kuseri kwa mawu aja kunali anthu olemba. Ankayeza nthawi yoti wailesi ikhale chete kuti ana ayankhe, ndiponso yoti aphunzitsi atembenuke n'kulemba chilembo pa bolodi. Akalakwitsa pang'ono, phunziro linkasokonekera m'sukulu zonse nthawi imodzi.

Imeneyi ndiyo ntchito yokonza maphunziro, ndipo amene amaigwira bwino ndi amene anagwirapo choko.

Maziko ake mphunzitsi amawapeza kale kukoleji, kaya ku Maryam kuno ku Mangochi kapena ku Machinga TTC. Amaphunzira kulemba masikimu, kukonzekera phunziro, ndi TALULAR, kuphunzitsa ndi zimene wazipeza pafupi, monga zitsekerero za mabotolo ndi timiyala ta kunyanja. Chovuta chimabwera pambuyo pake. M'kalasi, ana akachita tsinya, mphunzitsi amabwereza. Buku silingaone tsinya. Choncho wokonza maphunziro amayamba ndi funso lakuti mwana adzatha kuchita chiyani pomaliza, n'kubwerera m'mbuyo. Amalemba, n'kukayesa pa ana enieni, kufufuta, n'kulembanso.

Ambiri luso limeneli amaliphunzira ali pa ntchito. Bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi limaitana aphunzitsi kudzalemba nawo mabuku a silabasi. Ku Malawi College of Distance Education ku Blantyre kumakonzedwa timabuku ta ophunzira paokha, omwe anafunika kwambiri sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020. Kuyambira 2023, pulogalamu ya boma ya BEFIT ikufikitsa matabuleti okhala ndi maphunziro a bungwe la onebillion kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Apa m'pamene mphunzitsi wa ku Mangochi ali ndi mwayi umene mwina sauona. Amadziwa mwana amene amalankhula Chiyao kunyumba n'kukumana ndi Chichewa tsiku loyamba la sukulu. Amadziwanso kuti usipa ukachuluka anyamata amasowa m'kalasi, ndipo masana ena amathamangira kumadrasa. Wolembera mu ofesi ku Lilongwe angaiwale zimenezi. Wochokera kuno amadula phunziro m'zigawo zifupizifupi, kuti wojomba masiku atatu apeze poyambira.