Rungano Nyoni ndi Ntchito Yokonza Mafilimu Modziimira

Wokonza mafilimu wodziimira payekha ndi munthu amene amalemba nkhani, kufunafuna ndalama ndiponso kutsogolera kujambula popanda kulamulidwa ndi kampani yaikulu. Rungano Nyoni, yemwe anabadwira ku Lusaka mu 1982 n'kukakulira ku Wales, anatsata njira imeneyi pokonza I Am Not a Witch mu 2017, filimu yonena za kamtsikana konamiziridwa ufiti, yomwe inamubweretsera mphoto ya BAFTA mu 2018. Mphamvu ya filimuyi ilinso mwa osewera akumbuyo, ndiko kuti anthu ongooneka pachithunzi osapatsidwa mawu ambiri, monga amayi okalamba omangiriridwa kumaliboni oyera ataliatali, amene nkhope zawo zimasenza chisoni cha onamiziridwa m'midzi.