Momwe asayansi amafufuzira tizigawo ta atomu

Palibe munthu amene anaonapo pulotoni kapena elekitironi ndi maso. Tizigawo timeneti, tomwe timapanga atomu, n'tating'ono zedi, pomwe mafunde a kuwala amaposa atomu kukula kwake kambirimbiri. Kufuna kutiona ndi kuwala kuli ngati kutola njere ya fodya ndi fosholo. Motero akatswiri a fizikisi amadalira zizindikiro, ndipo njira zawo zitatu zimamveka bwino kudzera m'mafanizo oseketsa.

Njira yoyamba ndi kugenda. Munthu akamagenda tchire mumdima, miyala yambiri n'kumangodutsa koma umodzi n'kumubwerera pamphumi, amadziwa kuti m'katimo muli chitsa. Mu 1909 ku Manchester, Hans Geiger ndi Ernest Marsden anawombera tizigawo totchedwa alpha pa golide wopyapyala kuposa pepala. Tambiri tinapyola, koma towerengeka tinabwerera. Mtsogoleri wawo, Ernest Rutherford, anayerekezera zimenezi ndi kuwombera pepala ndi mzinga, chipolopolo n'kubwerera kudzagunda wowomberayo. Mu 1911 iye anafotokoza kuti atomu ili ndi phata laling'ono koma lolemera, ndipo kwinako kuli pafupifupi kopanda kanthu.

Njira yachiwiri ndi kulondola mapazi. Mvula ikagwa usiku, mlenje amasiyanitsa nguluwe ndi gwape ngakhale nyamazo zinapita kalekale. Mu 1911, Charles Wilson anapanga kabokosi kodzaza nthunzi, momwe kachigawo kokhala ndi mphamvu ya magetsi kakadutsa kamasiya mzere wa timadontho. Akaikapo maginito, mzerewo umapindika, ndipo mbali yomwe wapindikira imaulula mtundu wa mphamvu ya kachigawoko. Umu ndi momwe Carl Anderson anatulukira positron mu 1932: anaona phazi longa la elekitironi, koma lokhotera kwina.

Njira yachitatu ndi kuwombanitsa. Imafanana ndi munthu wofuna kudziwa za m'kati mwa wotchi, koma m'malo moimasula amamenyanitsa mawotchi awiri n'kuyamba kuwerenga zidutswa. Ku CERN, malo a kafukufuku omwe ali pafupi ndi Geneva, makina a Large Hadron Collider amathamangitsa mapulotoni mumphanga yozungulira ya makilomita 27, paliwiro loyandikira la kuwala, kenako n'kuwagundanitsa. Chodabwitsa n'chakuti mphamvu ya kugundanako imasanduka tizigawo tatsopano tomwe munalibe, ngati kuti pophwanya mawotchi awiri apamkono pagwa wotchi yapakhoma. Mwachitsanzo, kachigawo kotchedwa Higgs, komwe kupezeka kwake kunalengezedwa mu 2012, n'kolemera kuposa pulotoni nthawi zoposa 130. Kamasweka nthawi yomweyo, choncho asayansi anakazindikira ndi zidutswa zake zokha.

Mafanizowa ali ndi malire, chifukwa tizigawo si miyala kapena nyama. Nthawi zina timachita ngati mafunde. Chomwe chimatsimikizira zonse ndi kuyeza mobwerezabwereza, mpaka zotsatira zigwirizane ndi masamu.