Ukhondo pa Sukulu Yogonera Komweko

Teremu ikamayamba, m'misewu ya ku Likuni, Mitundu ndi Nathenje mumaoneka ana atasenza masutikesi, ndowa ndi matiresi, ulendo wa ku sekondale. Ena amapita ku Likuni Boys kapena Likuni Girls, ena ku Mitundu, ndipo ena amachita lendi tinyumba pafupi ndi sukulu zoyendera n'kumadziphikira okha. Mwana amene kwawo ankagona ndi abale ake awiri kapena atatu, tsopano agona m'chipinda chimodzi ndi anzake ambirimbiri. Bafa, chimbudzi, mpopi ndi holo yodyeramo n'za onse. Chifukwa cha ichi, nthenda imene yagwira mwana mmodzi siichedwa kufika kwa anzake.

Nthenda imene imakonda malo ogona anthu ambiri ndiyo mphere. Mphere imayamba ndi tizilombo tating'ono kwambiri timene timaboola khungu ndi kuikira mazira m'menemo. Timafala pamene anthu akhudzana khungu nthawi yaitali, monga pogona bedi limodzi, ndiponso pobwerekana bulangete, thawulo kapena malaya. Munthu amene sanadwalepo mphere angathe kukhala milungu 4 kufikira 6 asanayambe kumva kuyabwa, koma nthawi yonseyo ali kupatsira anzake. Kuyabwako kumakula usiku, makamaka pakati pa zala, m'khwapa ndi m'chiuno. Mwana wotere sagona tulo, ndipo m'kalasi amangosinza. Akakanda kwambiri pamabuka zilonda za mafinya, zimene nthawi zina zimabweretsa matenda a impso.

Mankhwala odzola a mphere amapezeka ku chipatala. Koma kuchiza mwana mmodzi yekha sikukwanira. Onse ogona naye pamodzi ayenera kudzola tsiku limodzi, ngakhale amene sanayambe kukanda. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa padzuwa. Zimene sizingachapidwe zimangidwe m'thumba la pulasitiki kwa mlungu wathunthu, pakuti tizilomboti timafa tikakhala masiku angapo popanda khungu la munthu.

Nthenda yoopsa koposa ndiyo kolera, imene imachokera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Mliri umene unayamba m'chaka cha 2022 ku Machinga unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Januwale 2023 boma linachedwetsa ndi milungu iwiri kutsegulira kwa sukulu za mu mzinda wa Lilongwe ndi Blantyre, poopa kuti ana akasonkhana nthendayo ingafale msanga. Pa sukulu, dzanja limodzi losasamba lingathe kuipitsa mtsuko umene akumwapo ana onse. Motero mwana aliyense asambe m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi ndiponso asanadye. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira kolorini, ndipo akhale ovundikira.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi asabise chifukwa cha manyazi, pakuti kolera imatha kupha pa maola owerengeka. Auze msanga mphunzitsi woyang'anira ogonera, ayambe kumwa Thanzi, ndipo apite naye kuchipatala chimene chili pafupi, monga cha Likuni, Mitundu kapena Nathenje. Ngati Thanzi palibe, asungunule masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa ali pa ulendo.

Makolo nawonso ali ndi mbali yawo. Pokonza ulendo wa mwana asaganize za fizi ndi chiwamba cha chimanga zokha. Amupatse sopo wokwanira teremu yonse, kapu, mbale, thawulo ndi bulangete lakelake, ndiponso masikito oteteza ku malungo. Mtsikana apatsidwenso zofunika pa nthawi ya kumwezi. Mwana akabwera ku tchuthi, mayi ayang'ane pakati pa zala zake. Ngati pali mphere, banja lonse lilandire mankhwala asanabwerere ku sukulu. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ukhondo wa pa sukulu umatheka pamene makolo, aphunzitsi ndi ana omwe agwirizana.