Chipinda Chimodzi M'mbali mwa Mtsinje wa Clyde

Ambiri a ife tikamva dzina loti Blantyre, maganizo athu amathamangira ku mzinda uja wokhala pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Koma dzinali n'lobwereka. Mwini wake ndi mudzi wa ku Scotland, womangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, pa mtunda wa mailosi 8 kuchokera ku mzinda wa Glasgow. Kumeneko n'kumene kunabadwira David Livingstone pa 19 Malichi 1813, ndipo amishoni amene anadzakhazikika m'dziko la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876 anatcha malo awo atsopanowo dzina la kwawo kwa iye.

Munthu wochokera kwathu kuno akamapita kukaona malowa amakhala ndi chiyembekezo chachikulu, poganiza kuti mudzi umene unabereka dzina la mzinda wotere uyenera kukhala wa nyumba zogometsa. Inenso ndinapita ndi maganizo omwewo. Ulendo wake ndi waufupi: sitima yochokera ku Glasgow imatenga mphindi ngati 20, ndipo ukatsika umatsetsereka ndi msewu wolunjika kumtsinje. Mnzanga amene ndinali naye anandilangiza kuti tisafulumire kulowa m'nyumba, koma tiyambe taima pamlatho. Anati wosaona mtsinje sangamvetse nyumbayo, ndipo sananame.

Mlathowo ndi wa anthu oyenda pansi okha, ndipo umalumikiza Blantyre ndi mudzi wa Bothwell kutsidya linalo. Umene ulipo lero unamangidwa m'chaka cha 1999, ndipo ndi wachitatu pamalopo. Woyamba, wa m'chaka cha 1852, unali wolendewera pa zitsulo, ndipo aliyense wowoloka ankalipira theka la kobiri, kotero kuti eni mudzi anaupatsa dzina loti Pey Brig, ndiye kuti mlatho wolipira. Wachiwiri unabwera m'chaka cha 1952 ndipo unatchedwa dzina la Livingstone. Tsono dziwani, awerengi, kuti Livingstone ali mwana panalibe mlatho uliwonse pano. Pamene woyambawo unkamangidwa n'kuti iye atakhala kale mu Africa zaka zoposa khumi.

Ukaima pakati pa mlathowo, chimene chimayamba kukopa makutu ndi mkokomo wa madzi. Chakumtunda pang'ono kuli khoma lotchinga mtsinje, limene madzi amasefukira pamwamba pake usana ndi usiku. Khomalo ndiye chiyambi cha zonse. Linkapatutsa madzi kuti azikazunguza magudumu a fakitale ya thonje imene inatsegulidwa cha m'ma 1785, ndipo ndi fakitaleyo imene inasonkhanitsa anthu osauka pamalopo, kuphatikizapo agogo ake a Livingstone, amene anachokera ku kachilumba ka Ulva. Fakitaleyo inagwetsedwa kalekale, mitengo yamera m'mbali monse, anthu akungoyenda ndi agalu awo. Chatsala ndi phokoso la madzi lokha, longa limene mnyamata uja ankalimva popita ku ntchito kusanache.

Kuchokera pamlatho kukafika kunyumba ndi mphindi zochepa chabe. Nyumbayo, yotchedwa Shuttle Row, ndi yosanja, yopakidwa njereza, ndipo poiona koyamba ungayese ndi ya munthu wolemera. Zoona zake n'zakuti inali mdadada wa antchito, momwe munkakhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi. M'chipinda chimodzi chotero ndimo munkakhala bambo Neil Livingstone, mayi Agnes ndi ana awo. Kuphika momwemo, kudya momwemo, kupemphera ndi kugona momwemo, mabedi ali olowa m'khoma ngati makabati. Ndinaima pakhomo pa chipindacho nthawi ndithu. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya lendi ku Mbayani kapena ku Ndirande sangafune womufotokozera za moyo wa m'chipinda ngati chimenecho. Kusiyana kwake ndi chisanu chokha.

Atakwanitsa zaka khumi, David analowa ntchito m'fakitale muja. Ntchito yake inali yolumikiza ulusi ukaduka pa makina opota, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko madzulo, masiku asanu ndi limodzi pa mlungu. Akaweruka ankapita kusukulu ya usiku kwa maola awiri. Ndi gawo la malipiro ake oyamba anagula buku lophunzirira Chilatini, ndipo atakula ankaika buku pamwamba pa makina, n'kumawerenga chiganizo chimodzichimodzi akamadutsapo. Ndalama za ntchito yomweyo n'zimene zinamuthandiza kuyamba maphunziro a udokotala ku Glasgow m'chaka cha 1836.

Apa pali chinthu chimene aphunzitsi athu sankatiuza. Thonje lochuluka limene linkapotedwa m'mafakitale a ku Britain masiku amenewo linkalimidwa ndi akapolo ku America. Ndiye kuti manja amene pambuyo pake anadzamasula magoli m'makosi mwa anthu kwathu kuno anakulira pa ulusi wa thukuta la akapolo. Sindikunena izi pofuna kunyoza mwana wa zaka khumi, amene analibe chosankha. Ndikungoti nkhani ya ukapolo sinayambe kumukhudza atafika ku Shire ayi. Inali m'zala zake kuyambira ali wamng'ono.

Nyumbayi inasanduka malo osungiramo zinthu zakale m'chaka cha 1929. Itakonzedwanso, inatsegulidwa mwatsopano m'chaka cha 2021, ndipo kusintha kwakukulu sikuli pa makoma koma pa kafotokozedwe. Kale nkhani inali ya ngwazi imodzi yoyenda yokha m'nkhalango. Lero mlendo amapezamonso mkazi wake, Mary Moffat, amene anamwalira ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi m'chaka cha 1862, pamodzi ndi anthu a mu Africa amene popanda iwo ulendowo sukanatheka. Ngakhale chiboliboli chotchuka cha pabwalo, cha mkango ukumbwandira Livingstone, chimakumbutsa zomwezo kwa wodziwa mbiri: tsiku lija ku Mabotsa, m'chaka cha 1844, anapulumuka chifukwa mphunzitsi Mebalwe analoza mfuti chilombocho, ndipo chinasiya mzunguyo n'kukaluma iye pantchafu.

Ine mtima wanga unakakamira pa dzina la James Chuma. Ameneyu anali Myao, mmodzi wa anthu amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo m'mwezi wa Julayi 1861, ali kamnyamata, ndipo anayamba wasungidwa ku Magomero. Livingstone atamwalira pamudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, kumayambiriro kwa Meyi 1873, Chuma ndi mnzake Abdullah Susi ndi amene anatsogolera gulu pa chinthu chimene palibe anawalamula. Anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, Jacob Wainwright n'kulemba dzina pamtengopo. Thupi analiumitsa ndi mchere ndi dzuwa, ndipo analinyamula mtunda wa mailosi oposa 1,000 mpaka ku Bagamoyo, kumene anafika m'mwezi wa Febuluwale 1874. Taganizani, awerengi, monga mudziwa mwambo wathu wa maliro, kuyenda ndi mtembo miyezi isanu ndi inayi kudutsa m'midzi ya eni, kumene kungodziwika chimene mwasenza kukanakhala mlandu waukulu.

Nanga anawalandira bwanji? Pamaliro a ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874 panali Wainwright yekha. Chuma ndi Susi anafika ku Britain mwambo utatha kale, ataitanidwa ndi James Young, bwenzi la malemuyo, ndipo anathandiza Horace Waller kulongosola zolemba zomaliza za Livingstone. Zambiri zimene dziko likudziwa za masiku ake otsiriza zinachokera pakamwa pa awiriwa. Ngakhale kwathu komwe kuno chizolowezi chake n'chomwecho. Dzina la Henry Henderson, amene anasankha malo a mishoni ya Blantyre, timalitchula tsiku ndi tsiku chifukwa cha sukulu ya HHI, koma ndi angati amene anamvapo za Tom Bokwito, amene anamuperekeza ndi kumumasulira chinenero?

Potuluka m'nyumbamo tinapeza kukuwaza kamvula. Tinabwereranso pamlatho kuti tiwolokere ku Bothwell, ndipo mnzanga anandifunsa ngati Chuma ndi Susi anakhalitsa ku Ulaya. Ndinamuuza kuti anabwerera chaka chomwecho, n'kukagwira ntchito ndi amishoni a UMCA, ndipo Chuma anatsogoleranso ulendo wa Joseph Thomson wa m'chaka cha 1879. Onse awiri anamwalirira ku Zanzibar, Chuma m'chaka cha 1882 ali ndi zaka zongopitirira pang'ono 30, ndipo Susi m'chaka cha 1891.